Mbiri ya Nyumba za ku Josina Machel mu Mzinda wa Tete

Mzinda wa Tete uli m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. Ambiri a ife tinafikako. Ena tinapita kukagulitsa mbatata ya kachewere ndi nyemba zochokera ku Angónia ndi ku Tsangano. Ena tinaperekeza odwala ku chipatala chachikulu cha chigawo. Enanso tili ndi ana athu amene akhala kumeneko.

Mzindawu unagawidwa m'madera. Pa Chipwitikizi dera lotere amati bairro. Pali Francisco Manyanga, Filipe Samuel Magaia, Mateus Sansão Muthemba, Matundo, Chingodzi ndi ena. Dera la Josina Machel lili pakati pa tauni, kumene kuli masitolo, maofesi ndi nyumba zakale za simenti. Tiyeni tione amene ankakhala m'nyumba zimenezi kale, amene anadzalowamo pambuyo pake, ndi amene ali ndi udindo wosamala malowa lero.

Dzina la deralo

Josina Muthemba anabadwa pa 10 Ogasiti 1945 ku Vilanculos, m'chigawo cha Inhambane. Ali mtsikana anathawa kwawo napita ku Tanzania kukalowa FRELIMO. Anakhala mmodzi wa akazi a gulu la nkhondo lotchedwa Destacamento Feminino. Mu 1969 anakwatiwa ndi Samora Machel, ndipo m'chaka chomwecho anapatsidwa udindo woyang'anira za umoyo wa anthu m'chipanicho.

Ntchito yake inali yosamala anthu amene nkhondo inawasiya opanda pogwira. Ankayenda mitunda italiitali wapansi ku Niassa ndi ku Cabo Delgado, kukonza malo olererako ana amasiye. Anadwala, koma sanaleke ntchito. Anamwalira ku Dar es Salaam pa 7 Epulo 1971, ali ndi zaka 25 zokha. N'chifukwa chake pa 7 Epulo chaka chilichonse timakumbukira tsiku la amayi a mu Mozambique.

Ufulu utabwera, maina a atsamunda anachotsedwa m'misewu ndi m'madera. Pamenepo ndi pamene dera la pakati pa Tete linalandira dzina la mayi ameneyu.

Mizinda iwiri mu mzinda umodzi

Tete ndi malo akale kwambiri. Apwitikizi asanafike, panali kale msika pamene amalonda ochokera kunyanja ankagula golide ndi minyanga ya njovu. Apwitikizi anafika m'zaka za m'ma 1530. Pambuyo pake anamanga linga la São Tiago Maior pafupi ndi mtsinje. Pa 21 Malichi 1959 boma la atsamunda linalengeza kuti Tete tsopano ndi mzinda.

Koma mzindawo unali wa yani? M'nthawi ya atsamunda, m'tauni iliyonse munali mbali ziwiri. Mbali imodzi inali ya simenti. Kumeneko kunali nyumba za njerwa ndi malata, misewu yolambulidwa, mipopi ya madzi ndi magetsi. Kunkakhala Azungu, Amwenye a masitolo, ndi anthu akuda owerengeka amene boma linkawatcha assimilados. Mbali ina inali ya eni dziko. Nyumba zawo zinali za mitengo, zomata ndi dothi, zofolera ndi udzu kapena bango. Madzi ankatunga kumtsinje. Zimbudzi zinali zochepa.

Panali bungwe loyendetsa mzinda lotchedwa Câmara Municipal. Ntchito yake yaikulu inali ku mbali ya simenti: kusesa misewu, kuchotsa zinyalala, kupereka chilolezo chomangira nyumba. Munthu wakuda ankakhoma msonkho, ankagwira chibalo, ankayenda ndi chiphaso chotchedwa caderneta. Iye ndiye ankaumba njerwa, kusenza miyala ndi kuphika m'makhitchini a nyumba zimenezo. Koma pofika madzulo ankabwerera kukagona kumene kunalibe mpopi. Lamulo losiyanitsa anthu, lotchedwa indigenato, linathetsedwa mu 1961, komabe pa nkhani ya nyumba zinthu sizinasinthe kwenikweni.

Mu 1968 FRELIMO inayambanso nkhondo m'chigawo cha Tete. Asilikali a Chipwitikizi anachuluka mu mzinda. Mu 1969 ntchito yomanga damu la Cahora Bassa inayamba, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kunamangidwa mlatho waukulu pa Zambezi, umene lero timautcha Samora Machel. Kumidzi anthu ankasamutsidwa mokakamiza n'kuikidwa m'misasa yotchedwa aldeamentos. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a atsamunda anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, pafupi ndi Tete. Tauni inkakula, koma anthu a m'midzi yozungulira ankataya nyumba zawo.

Tsiku la 3 Febuluwale 1976

Dziko linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Malamulo atsopano ananena kuti nthaka yonse ndi ya boma, m'malo mwa anthu onse. Pa 24 Julayi chaka chomwecho boma linatenga zipatala ndi sukulu kuti zikhale za aliyense. Apwitikizi ambiri anachoka, ndipo nyumba zambiri za m'matauni zinatsala zopanda anthu.

Pa 3 Febuluwale 1976 Pulezidenti Samora Machel analengeza kuti boma latenga nyumba zonse za lendi ndi nyumba zonse zosiyidwa. Banja linaloledwa kusunga nyumba imene likukhalamo, koma kudyera ena pa lendi kunaletsedwa. Boma linakhazikitsa bungwe lotchedwa APIE kuti lizigawa nyumbazo ndi kutolera lendi. Lendi inali yotsika, ndipo inkawerengedwa poona malipiro a munthu ndi kukula kwa banja lake.

Motero aphunzitsi, anamwino, asilikali ndi antchito a boma analowa m'nyumba za simenti. Ana amene makolo awo ankalowera khomo la kuseri tsopano ankasewera pakhonde la kumaso. Chimenechi chinali chinthu chachikulu, ndipo akuluakulu amene anachiona sachiiwala.

Koma akale anati walira mvula walira matope. Nyumba ya simenti imafuna chisamaliro. Mpopi ukaphulika pafunika mmisiri ndi zipangizo. Denga likadontha pafunika malata ndi misomali. Amisiri ambiri anali atachoka. Ndalama za lendi zinali zochepa, zosakwanira kukonzera nyumba zonse. Wokhalamo ankati nyumba ndi ya boma, boma likonze. Boma nalo linalibe ndalama. Chaka ndi chaka makoma ankang'aluka ndipo mipopi inkauma. Chinanso, nyumba za simenti zinali zochepa. Anthu ambiri a mu mzinda anatsalabe m'nyumba zadothi.

Kudzithandiza m'madera

Boma latsopano linaona kuti matenda ambiri amachokera ku uve. Chotero linalimbikitsa kupewa koposa kuchiza. Linayambitsa ntchito yoti banja lililonse likumbe chimbudzi. Kuyambira 1976 mpaka 1979 magulu a zaumoyo anayenda dziko lonse kupereka katemera wa nthomba, chikuku, chifuwa chachikulu ndi kafumbata.

M'dera lililonse munali gulu lotchedwa Grupo Dinamizador, lotsogozedwa ndi mlembi. Gululi linkaitana misonkhano, kuweruza milandu ing'onoing'ono ndi kukonza masiku a ntchito yothandizana. Anthu ankatuluka ndi makasu ndi matsache kukasesa misewu, kukwirira zithaphwi ndi kukumba maenje a zinyalala. Mutu umodzi susenza denga.

Mu 1978 Câmara Municipal inathetsedwa. M'malo mwake munabwera Conselho Executivo, bungwe la mzinda losankhidwa kuchokera ku boma. Mu 1979 kunachitika msonkhano wa dziko lonse wokambirana za mizinda ndi madera ake. Madera anagawidwa m'timagawo totchedwa quarteirão, ndipo kagawo kalikonse kanali ndi mkulu wake. Panalinso mkulu wa nyumba khumi. Mpaka lero munthu wofuna kalata yotsimikiza kumene akhala amayambira kwa akuluakulu amenewa.

Zimbudzi zoyamba zija zinali ndi vuto. Mitengo yoyala pamwamba pa dzenje inkadyedwa ndi chiswe, ndipo mvula ikagwa zina zinkatitimira. Mu 1979 amisiri ku Maputo anapeza njira. Anaumba chivundikiro cha simenti, chozungulira, chotumphuka pakati ngati chivundikiro cha mphika. Chifukwa cha maumbidwe amenewa sichifuna zitsulo m'kati, choncho n'chotsika mtengo. Chili ndi popondapo mapazi ndiponso chotsekera pabowo, choletsa ntchentche ndi fungo. Mu 1985 boma linakhazikitsa ntchito ya dziko lonse yofalitsa zimbudzi zotere, ndipo malo oumbira anatsegulidwa m'mizinda yambiri. Nzeru imeneyi inafika mpaka ku maiko ena a mu Africa.

Sikuti zonse za m'nthawi imeneyo zinali zabwino. Mu 1983 boma linachita Operação Produção. Anthu a m'mizinda amene analibe zikalata za ntchito anagwidwa, ndipo ambiri anatumizidwa ku Niassa ndi ku Cabo Delgado. Mabanja anapasuka ndipo ena anafera komweko. Mphamvu ya mlembi wa dera, imene inkathandiza pa ukhondo, inagwiritsidwanso ntchito pozunza anthu osalakwa. Mbiri yoona iyenera kunena zonse ziwiri.

Zaka za nkhondo

Nkhondo ya pakati pa boma ndi RENAMO inasakaza chigawo cha Tete, makamaka m'zaka za m'ma 1980. Midzi inatenthedwa. Sukulu ndi zipatala zinagwetsedwa. Anthu oposa miliyoni imodzi a mu Mozambique anathawira ku Malawi, ndipo ambiri mwa iwo anali a m'chigawo chathu. Ena anathawira ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Ena anathawira mu mzinda wa Tete.

Amene anali ndi abale m'tauni anapanikizana nawo m'nyumba. Chipinda chimene chinamangidwira anthu awiri chinkagona anthu asanu kapena oposa. Amene analibe abale anamanga zisakasa paliponse pamene anapeza malo: m'mbali mwa mapiri, m'zigwa ndi m'mphepete mwa mitsinje. Panalibe wowayezera malo, panalibe wosiya njira ya galimoto kapena ngalande ya madzi. Mavuto ambiri amene mzinda uli nawo lero anayamba m'masiku amenewo.

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Othawa anabwerera, koma si onse amene anapita kumidzi kwawo. Ambiri anakhazikika m'tauni.

Nyumba zibwerera m'manja mwa anthu

Mu 1991 boma linasintha malamulo a nyumba. Anthu okhala m'nyumba za APIE analoledwa kuzigula pa mtengo wotsika, ndipo kumanga nyumba za lendi kunaloledwanso. Mabanja ambiri a m'madera a simenti anakhala eni nyumba mwa njira imeneyi. Mu 1995 boma linakhazikitsa thumba lothandiza pa zomanga nyumba, lotchedwa Fundo para o Fomento de Habitação.

Mu 1997 kunatuluka lamulo latsopano la nthaka. Nthaka ndi ya boma ndithu, ndipo siigulitsidwa. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo, umene umatchedwa DUAT. Lamuloli limazindikira malo a makolo, ndiponso malo amene munthu wakhalapo mokhulupirika kwa zaka khumi. Mwamuna ndi mkazi ali ndi ufulu wofanana. Amayi amasiye adziwe chimenechi, chifukwa ambiri amalandidwa nyumba ndi abale a malemu pongosowa wowauza.

Khonsolo yosankhidwa ndi anthu

M'chaka chomwecho cha 1997 kunatuluka lamulo lopatsa mizinda mphamvu yodzilamulira. Pa 30 Juni 1998 kunachitika chisankho choyamba m'mizinda ndi m'matauni 33, ndipo Tete anali m'gulumo. RENAMO inakana kulowa nawo, ndipo amene anakavota sanakwane 15 pa anthu 100 alionse. Komabe chiyambire pamenepo chisankho chakhala chikuchitika zaka zisanu zilizonse: 2003, 2008, 2013, 2018 ndi 2023.

Lamulo linapatsa khonsolo ntchito zoonekera. Iyenera kuyeza ndi kugawa malo omangapo. Iyenera kuona mapulani ndi kupereka chilolezo munthu asanayambe kumanga. Iyenera kuchotsa zinyalala, kusamala misewu, ngalande, misika ndi manda. Ili ndi apolisi ake oona kuti malamulo a mzinda akutsatidwa. Ndalama zake zimachokera ku boma lalikulu ndiponso kwa anthu: msonkho wa munthu, msonkho wa nyumba, ndalama za m'misika ndi ndalama ya zinyalala, imene m'mizinda yambiri imadulidwa pogula magetsi.

Ntchito zina si za khonsolo, ndipo ndi bwino kudziwa khomo loyenera kugogoda. Magetsi ndi a EDM, imene inakhazikitsidwa mu 1977. Za madzi a m'mizinda ikuluikulu boma linazipereka kwa FIPAG, imene inakhazikitsidwa mu 1998. Madzi ambiri a mbali yakale ya Tete amapopedwa m'zitsime za m'chigwa cha Nhartanda. Tsono munthu akataya zinyalala kapena kukumba chimbudzi m'chigwa chimenecho, ndiye kuti akuipitsa madzi amene iye mwini adzamwa mawa.

Okalamba ndi olumala

Kumudzi nkhalamba siigona ndi njala ngati adzukulu alipo. M'tauni zinthu n'zosiyana. Madzi ndi ogula, nkhuni ndi makala n'zogula, ndipo ana amachoka kukafuna ntchito kutali. Nkhondo inasiya anthu ambiri olumala chifukwa cha mabomba okwirira. Edzi inasiya agogo akulera ana amasiye.

Mu 1990 boma linayamba kupereka kandalama kwa osauka a m'mizinda kudzera m'bungwe la GAPVU. Mu 1997 ntchitoyi inapatsidwa kwa INAS. Thandizo lake, lotchedwa Subsídio Social Básico, ndi la mabanja osauka amene alibe munthu wotha kugwira ntchito: okalamba, olumala ndi odwala matenda a mgonagona. Akuluakulu a dera ndi munthu wosankhidwa ndi anthu, wotchedwa permanente, ndiwo amathandiza kupeza oyenera kulembedwa. Ndalamayo ndi yochepa, ndipo nthawi zina imachedwa miyezi. Komabe imathandiza nkhalamba kugula ufa ndi sopo ili pakhomo pake, osapita kukapempha pamsewu.

Malamulo aakulu a dziko a mu 2004, pa ndime 91, amanena kuti nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala m'nyumba yoyenera. Ndime 124 ndi 125 zimateteza okalamba ndi olumala. Mu 2008 boma linalamula kuti nyumba zothandizira anthu zizimangidwa moti woyenda pa njinga ya olumala athe kulowa. Mu 2014 kunatuluka lamulo loteteza okalamba, loletsa kuwazunza, kuwataya ndi kuwanamizira ufiti. Nyumba zambiri zakale za pakati pa tauni zinamangidwa malamulowa asanabwere, ndipo zili ndi masitepe okhaokha. Lamulo lolembedwa silimanga njira. Amamanga ndi anthu.

Malasha, kolera ndi madzi osefukira

Mu 2011 mgodi waukulu wa malasha unayamba kutulutsa malasha ku Moatize. Anthu anakhamukira ku Tete kuchokera m'zigawo zonse ndi m'maiko ena. Kalembera wa 1997 anapeza anthu oposa 100,000 mu mzindawu. Wa 2007 anapeza oposa 150,000. Wa 2017 anapeza oposa 300,000. Pa zaka 20 zokha anthu anachuluka katatu.

Lendi inakwera koopsa. Nyumba zambiri za pakati pa tauni zinasanduka maofesi ndi malo ogona alendo. Eni ake ena anapeza phindu, koma mabanja a malipiro ochepa anakankhidwira kunja kwa tauni, kumene mipopi ndi misewu zinali zisanafike. Mu 2014 mlatho wachiwiri, wa Kassuende, unatsegulidwa kuti magalimoto akuluakulu asamadutse pakati pa mzinda.

Kumayambiriro kwa 2015 kolera inavuta kwambiri mu mzinda wa Tete ndi ku Moatize, ndipo inabweranso mu 2023. Kolera imayenda ndi madzi ndi chakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala. Siisankha nyumba ya simenti kapena yadothi. Ntchentche yochokera pa dzala la kunja kwa tauni imatera pa chakudya cha mu msika wa pakati.

Mu Malichi 2019 mtsinje wa Revúbuè unasefukira n'kumiza nyumba ku Chingodzi ndi malo ena oyandikana nawo. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anabweretsanso chigumula, ndipo mlatho wa pa Revúbuè unaduka. Amene anavutika koposa ndi aja anamanga m'malo otsika. Ambiri a iwo sanamange kumeneko mwa kufuna, koma chifukwa chosowa malo ena. Apa ndi pamene ntchito ya khonsolo yoyeza malo imaonekera kufunika kwake. Malo abwino akayezedwa msanga n'kugawidwa mwachilungamo, anthu sapita kukamanga m'njira ya madzi.

Zimene tiphunzirapo

Nyumba za ku Josina Machel zaona eni atatu: atsamunda, boma, ndi mabanja amene anazigula. Nthawi zonse zitatu, nyumba inakhala bwino pokhapokha pamene panali woisamala ndiponso madzi, chimbudzi ndi njira yochotsera zinyalala.

Ifenso a kumidzi nkhaniyi ikutikhudza. Malo athu a malonda akukula, ndipo ena asanduka kale matauni okhala ndi khonsolo, monga Ulónguè ndi Moatize. Tisamange m'dambo kapena m'mphepete mwa mtsinje. Chimbudzi chikhale kutali ndi chitsime, ndiponso kumunsi kwake. Pomanga tisiye njira ndi ngalande. Mwana wathu akapita m'tauni, asapereke ndalama ya malo popanda kufunsa kwa mlembi wa dera ndi ku khonsolo. Tikakhoma msonkho tilandire lisiti, tiliwerenge, tilisunge. Munthu wodziwa kuwerenga sasaina pepala limene sakulimva, ndipo pa msonkhano amatha kuimirira n'kufunsa kumene ndalama za msonkho zapita.

Mafunso okambirana

1. Kodi Josina Machel ankagwira ntchito yanji m'nthawi ya nkhondo ya ufulu?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene zinali ku mbali ya simenti koma kunalibe ku mbali ya eni dziko.
3. Chinachitika n'chiyani pa 3 Febuluwale 1976? Nanga n'chifukwa chiyani nyumba zambiri zinaonongeka pambuyo pake?
4. Kodi DUAT n'chiyani? Mayi wamasiye ali ndi ufulu wotani pa malo?
5. Tchulani ntchito zinayi za khonsolo.
6. M'mudzi mwanu muli okalamba kapena olumala okhala okha? Kambiranani zimene kalasi lanu lingachite pa denga, chimbudzi ndi madzi a pakhomo pawo mvula isanagwe.